Musanalipire sukulu ya mathiraki ku America, werengani izi

Sabata siyitha foni yanga osalira ndi funso lomweli: "Achimwene, ndamva muli pa thiraki. Sukulu yabwino ndi iti? Pakufunika zingati?" Ena amandigwira pa phwando la 6 July la Amalawi akuno, mbale ya nsima ili m'manja. Ena amaimba pakati pa usiku nditagona pa truck stop ku Nebraska. Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, ndiye lero ndalemba. Wina akafunsanso ndizingomuponyera izi.

Dzina la sukulu musaliyembekezere. Imene inali yabwino chaka chatha ikhoza kukhala itagulitsidwa, mphunzitsi wake wodziwa ntchito atapita kwina. Ine ndikupatsani muyezo, mukayeze nokha. Manambalawa muwatsate mmene aliri, chifukwa ambiri amene ndawaona akulira anayambira pa kulipira, zam'mwambazi atazilumpha.

1. Mapepala kaye, sukulu pambuyo

Chiphaso chimene mukufunacho akuno amati CDL, chidule cha Commercial Driver's License. Chimaperekedwa ndi state imene mukukhala, ku ofesi ya malaisensi yotchedwa DMV, kapena BMV ngati muli ku Indiana kapena ku Ohio. Malamulo akuluakulu amachokera ku boma lalikulu kudzera m'nthambi yotchedwa FMCSA.

Ngati ndinu nzika kapena muli ndi green card, njira yanu ndi yoyera. Ngati muli ndi mapepala ena, dziwani kuti mu September 2025 boma linamanga kwambiri malamulo a CDL ya alendo. Pitani nokha ku DMV ndi mapepala anu, akuuzeni pamaso ngati angakupatseni. Musafunse a sukulu. Iwo akufuna ndalama yanu, chiphaso sapereka ndi iwo.

Wa zaka 18 akhoza kuyendetsa thiraki mkati mwa state yake yokha. Kudutsa malire kupita ina n'kuyambira zaka 21, ndipo ntchito zambiri zolemba ongoyamba kumene ndi zodutsa malire.

Inu amene munali madalaivala kumudzi, ndikudziwa zimapweteka: laisensi yanu ya mathiraki ya EC ija, olo munayenda nayo Beira, Nacala ndi Dar es Salaam zaka 15, kuno siyisinthidwa kukhala CDL. America imavomereza ziphaso za mathiraki za ku Canada ndi ku Mexico basi. Muyamba mwatenga laisensi ya galimoto wamba ya state yanu, kenako n'kukwera makwerero ngati mwana wa dzulo. Makampani ambiri amafunanso kuti laisensi yakunoyo ikhale itatha chaka.

Chingerezi nacho. Lamulo limati dalaivala azitha kuwerenga zikwangwani ndi kuyankha wapolisi, ndipo kuyambira pa 25 June 2025 wolephera zimenezi amaimitsidwa pompo pamsewu. Pa mayeso oyendetsa womasulira saloledwa. Ife zimenezi sizitivuta kwenikweni, chovuta ndi khutu. Chingerezi cha bambo wa ku Alabama pa geti ya fakitale si chija tinaphunzira ku Form 4.

Inu amene mukuwerenga muli ku Lilongwe kapena ku Johannesburg: munthu akakuuzani kuti mulipire ndalama akupezereni sukulu ya thiraki ku America imene ibwere ndi green card, mumupatse moni mubwerere.

2. Kaonaneni ndi dokotala musanatulutse ndalama yaikulu

Amati DOT physical. Si dokotala aliyense amene amapima, koma amene ali m'kaundula wa FMCSA. Amayeza maso, kuti lililonse lione 20/40, kaya ndi magalasi. Amayeza makutu, mkodzo pofuna kuona shuga, ndi BP. Ife Amalawi chimatigwetsa ndi BP imeneyi. Ikakhala pansi pa 140/90 mumapatsidwa khadi ya zaka ziwiri. Ikakwererapo amakupatsani ya chaka chimodzi kapena miyezi itatu, ikafika 180/110 amakubwezani. Ngati mumamwa mankhwala, imwani mokhulupirika masabata angapo musanapite, ndipo m'mawa wa tsikulo khofi mumuiwale.

Tsopano za chamba, ndilankhule mosapsatira. Olo state yanu imalola kusuta, olo sitolo yogulitsa ili pafupi ndi tchalitchi, kwa dalaivala wa thiraki n'choletsedwa chifukwa iye amayendera lamulo la boma lalikulu. Akakupezani nacho, kapena mukakana kuyezedwa, dzina lanu limalowa mu Clearinghouse, kaundula amene anayamba mu January 2020, ndipo kampani iliyonse imayang'anamo isanakulembeni. Chizindikirocho chimakhala zaka zisanu, n'kupitirira ngati simunamalize ndondomeko yobwererera pa ntchito. Timafuta ta CBD tochokera ku chamba tija tomwe amagulitsa pa malo omwetsera mafuta musatikhudze nkomwe.

3. Sankhani kalasi, ndipo samalani ndi zilembo zomangira

Class A ndi ya mutu wokoka ngolo, zonse pamodzi zikalemera mapaundi 26,001 kupita m'mwamba ndipo ngoloyo yokha ikaposa mapaundi 10,000. Kwathu tingati EC. Class B ndi ya lole yathupi limodzi: ya simenti, ya zinyalala, tipa. Wa A akhoza kuyendetsa za B, wa B sangakoke ngolo yaikulu. Ngati mwatsimikiza kuti mukufuna kugona kunyumba tsiku lililonse, B si yonyozeka. Koma wa B akafuna A amabwereranso kusukulu n'kulipiranso, choncho ambiri ndimawauza kuti angotenga A kamodzi.

Chimene a sukulu sakuuzani ndi chakuti galimoto imene mwayesedwera imatsalira pa khadi yanu. Mukayesedwa pa otomatiki amalembapo E, kutanthauza kuti ya magiya amanja simuloledwa. Mukayesedwa pa galimoto yopanda mabuleki a mpweya amalembapo L, ndipo CDL ya L ili ngati khasu lopanda mpini. Mukayesedwa pa ngolo yongokoleka ndi mbedza, osati pa mbale ija amati fifth wheel, amalembapo O, ndiye thiraki yeniyeni simungakwere.

L ndi O zikaneni kotheratu. Za E ndisaname, makampani akuluakulu masiku ano pafupifupi onse ali pa otomatiki, ndipo mukhoza kudya bwino nayo. Koma timakampani ting'onoting'ono, a zomangamanga ndi ena onyamula mafuta akadali ndi magiya 10 kapena 13. Ngati munakulira pa galimoto ya magiya, musalole kumangidwa mwendo chifukwa choti sukulu ikuopa kutha kwa kilatchi.

4. Pemiti mutenge nokha

Musanakwere thiraki pamsewu pamafunika CLP, pemiti ya wophunzira. Buku lake, CDL Manual, ndi laulere ku DMV ndi pa intaneti. Kwa Class A mumalemba mapepala atatu: General Knowledge, Air Brakes ndi Combination Vehicles, ndipo pa lililonse pafunika 80 pa 100. Munthu amene anakhoza MSCE, masabata awiri owerenga madzulo akachoka ku ntchito amamukwanira.

Masukulu ena amakulipiritsani sabata yathunthu kuti akuwerengereni buku lomwelo. Mukabwera ndi pemiti m'thumba sabata imeneyo mwapulumutsa. Komanso lamulo limati padutse masiku 14 chitengereni pemiti musanayesedwe kuyendetsa, ndiye n'kwabwino masikuwo ayambe kuwerengedwa msanga.

5. Fufuzani dzina la sukulu m'kaundula

Kuyambira pa 7 February 2022, aliyense wotenga Class A kapena B koyamba ayenera kudutsa maphunziro otchedwa ELDT, Entry-Level Driver Training. Kale msuweni wako amatha kukuphunzitsa pa bwalo Lamlungu, iwe n'kukayesedwa. Zimenezo zinatha. Wokuphunzitsani ayenera kupezeka mu Training Provider Registry ya FMCSA, ndipo mukamaliza amatumiza yekha dzina lanu kumeneko. Dzina likapanda kuoneka, DMV sikuyesani, olo mubwere ndi satifiketi ya maluwa m'mphepete.

Lowani pa webusaiti ya kaundulayo, lembani dzina la sukulu ndi tauni yake. Onetsetsani kuti yalembetsa mbali zonse zitatu: za m'kalasi, za pa bwalo ndi za pamsewu. Alipo a pa intaneti amene amagulitsa za m'kalasi zokha motchipa. Si akuba ayi, koma mukamaliza mudzafunabe wina wokukwezani thiraki, ndipo mbali zonsezi ziyenera kutha chaka chisanadutse.

Koma imvani bwino apa. Kupezeka m'kaundula si mendulo. Sukulu imadzilembetsa yokha, n'kulumbira yokha kuti ikutsata malamulo. Kumapeto kwa 2025 boma linachotsamo masukulu ambirimbiri, ndiye muyang'anenso tsiku lolipira. Kaundula amangokuuzani kuti satifiketi yawo ilandiridwa. Sakuuzani ngati muphunzira kanthu.

6. Ndani alipire?

Njira zilipo zitatu. Sukulu ya munthu wamba ndi yachangu, masabata atatu kapena anayi, ndipo mtengo ndi madola masauzande angapo. Community college imatenga nthawi yaitaliko, nthawi zambiri yotchipirapo, ina ili ndi makalasi a madzulo ndi a Loweruka, zomwe zimathandiza inu a ma shift a ku nursing home kapena ku fakitale. Yachitatu ndi sukulu ya kampani, ija amati yaulere. Imeneyo tikambirana pa nambala 8.

Musanabwereke ngongole kapena kudya ndalama ya chipereganyu, pitani ku American Job Center yakwanuko, ku Indiana amati WorkOne, mukafunse za thandizo la WIOA. Ndi ndalama ya boma yophunzitsira anthu ntchito, siyibwezedwa, ndipo CDL ndi imodzi mwa zimene amalipirira. Pamakhala mafomu, misonkhano ndi kudikira, n'chifukwa chake anzathu ambiri amagwa ulesi. Chenjezo limodzi: mukalembetsa ndi kulipira kaye, kenako n'kupita kukapempha, sakubwezerani. Yambani ndi iwowo.

7. Pitani pa bwalo mukawerenge mitu

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo palibe webusaiti imene ingakuchitireni.

Lamulo la ELDT silinena kuti wophunzira agwire chiwongolero maola angati. Limangoti mphunzitsi akhutire kuti munthuyo watha. State zina zinaika malire awo, monga California imene imafuna maola 15 pa chiwongolero ndi Washington imene imafuna kosi ya maola 160, koma kwambiri kulibe. Ndiye sukulu ikakuuzani kuti "kosi yathu ndi ya maola 160", tengani pensulo. Amenewo ndi masabata anayi a maola 40. Chotsani sabata ya m'kalasi, atsala 120. Mukakhala asanu pa thiraki imodzi, aliyense wagwira maola 24. Mukakhala asanu ndi atatu, 15. Ena onsewo mwaima padzuwa kapena pachisanu, manja m'thumba, kuonerera mnzanu akuponda makoni.

Ine ndinaphunzira choncho. Pa bwalo panali mathiraki anayi, oyenda awiri. Lachitatu lina ndinadzuka 4 koloko m'mawa, ndinafika 7, ndinagwira chiwongolero mphindi 20, ndinabwerera kunyumba mapazi atafa dzanzi ndi kuzizira. Pa pepala analemba maola asanu ndi atatu.

Chifukwa chake maolawa ali ofunika ndi rivesi. Kupita kutsogolo aliyense amaphunzira m'masiku ochepa. Kubweza ngolo ya mafiti 53, pafupifupi mamita 16, ndi kumene kumalekanitsa dalaivala ndi wokwera. Ngolo imachita zosemphana ndi dzanja: mukapotoza chiwongolero kumanzere, mchira wake umapita kumanja. Ndipo siyiyankha pompo, imayamba yaganiza kaye. Wophunzira amaona ngati sizikutheka, amawonjezera kupotoza, kenako ngolo imabwera yonse nthawi imodzi n'kupindika ngati mpeni wa m'thumba. Mankhwala ake ndi kupotoza pang'ono, kudikira, kubweza msanga. Mukafuna kubwerera molunjika ndipo ngolo yayamba kudzaza galasi la kumanzere, potozerani kumanzere komweko. Izi mukhoza kuziloweza lero lino, koma manja samva mawu. Amamva akabwereza kambirimbiri. Inu a kumudzi muli ndi vuto lowonjezera: mpando uli kumanzere tsopano, mbali imene munkaona bwino posuzumira pa windo yasanduka mbali yakhungu.

Ndiye chitani izi. Pitani pakati pa sabata cha m'ma 10 m'mawa, osaimba foni. Musayambire ku ofesi, imani kaye pa mpanda. Werengani mathiraki amene injini ikulira, osati oimikidwa udzu utamera m'matayala. Werengani ophunzira, mugawe. Onani ngati mphunzitsi akuyenda pambali pa ngolo akulozera, kapena wakhala m'galimoto yake akusewera pa foni. Onani kutalika kwa ngolo. Ngati akuphunzitsira kangolo kafupi ka mafiti 28, mayeso mukhoza, koma tsiku loyamba pa ntchito mudzatuluka thukuta lozizira.

Kenako pezani wophunzira amene ali pa mpumulo, mufunse: dzulo munagwira chiwongolero nthawi yaitali bwanji? Mwatulukapo kangati pamsewu waukulu? Amene anamaliza mwezi watha anayesedwa kale kapena akudikirabe tsiku? Wophunzira sanama, mtima uli kale ndi madandaulo.

Mukalowa mu ofesi funsani za ndalama zobisika. Kodi mtengowo ukuphatikiza thiraki ya tsiku la mayeso? Mukalephera, kubwereza ndi zingati, ndipo amakupatsani maola ena oyeserera? Amayesa ndani, a DMV kapena woyesa wovomerezeka amene amabwera pa sukulupo? Mukasiyira pakati amabweza zingati? Mayankho alembedwe pa pepala. Akayamba zoti "mtengo uwu ndi wa lero lokha", nyamukani. Funsaninso makampani awiri kapena atatu amene mukuwafuna ngati amalemba ophunzira a sukulu imeneyo, chifukwa ena salandira kosi yochepera maola 160, a inshulansi awo amakana.

8. Sukulu "yaulere" ndi kontirakiti yake

Kampani imakutumizirani tikiti ya basi, imakugonekani ku hotela, imakuphunzitsani, ntchito ili kale m'manja. Kwa munthu wopanda ndalama ndi khomo lenileni, ndipo ambiri adutsirapo n'kukhala bwino. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ulerewo ndi ngongole imene mumabweza ndi miyezi ya moyo wanu, kawirikawiri chaka.

Ine sukulu ndinalipira ndekha, koma mphwanga, mwana wa mayi aang'ono, anadzera njira iyi. Anasaina pa tabuleti, m'chipinda chodzaza anthu, atayenda usiku wonse pa basi. Mwezi wachisanu ndi chiwiri bambo ake anamwalira kumudzi. Mukudziwa maliro akwathu, si za Lachisanu kupita Lolemba kubwera. Ulendo wokha ndi masiku awiri kupita, awiri kubwera, ndiye pali kukhala pansi ndi akuchimuna ndi akuchikazi. Anapempha masabata atatu. Kampani inati abweze thiraki, ndipo inalemba kuti wasiya ntchito. Atabwerako anapeza kalata yofuna ndalama yonse ya sukulu, kuphatikizapo hotela ndi basi ija, ngati kuti miyezi isanu ndi iwiri sanagwire.

Choncho pemphani kontirakiti pa imelo musanakwere basi. Akakana kutumiza, yankho mwalandira. Ikabwera, khalani pansi ndi munthu wodziwa kuwerenga zamalamulo, mufufuze izi. Mukachoka msanga mulipira zingati, ndipo ngongoleyo imachepa mwezi ndi mwezi kapena imakhala yathunthu mpaka tsiku lomaliza? Miyezi imayamba kuwerengedwa liti, tsiku lofika kapena tsiku lopatsidwa thiraki yanu? Akakuchotsani okha, kapena mukalephera mayeso, mulipirabe? Pali chiwongoladzanja? Amadula zingati pa malipiro a sabata? Pali mawu okuletsani kugwira kwina ngongole isanathe? Ndipo funso lathu ife: ndikafuna kupita kunja kwa dziko mwezi wathunthu, chimachitika n'chiyani?

Zimene wolemba anthu wakuuzani pa foni, za masenti pa mailosi ndi zopita kunyumba sabata iliyonse, ngati sizili pa pepala ndi mphepo. Dziwaninso kuti makampani amalemba mbiri ya madalaivala mu DAC report, imene olemba ntchito ena amawerenga. Mukakwiya musasiye thiraki pa truck stop n'kukwera ndege. Ibwezeni kumene akuuzani, muijambule mbali zonse.

Ilipo njira yapakati imene ambiri saidziwa: kulipira nokha kapena ndi WIOA, kenako kulowa kampani imene imabweza ndalama ya sukulu pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Mukachoka, zotsalazo zangotayika, koma palibe amene akulondolani.

Akadzakuuzani m'miyezi yoyambirira kuti "tenga thiraki yako pa lease, uzilipira pang'onopang'ono, ukhale bwana", kanani. Gulu limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze mapangano amenewa linanena mu January 2025 kuti angothetsedwa.

9. Tsiku la mayeso

Mayeso ali patatu: kuyendera galimoto, kubweza pa bwalo, ndi msewu. Funsani sukulu mtundu wa mayeso a pa bwalo umene state yanu ikugwiritsa ntchito, chifukwa zina zinasintha kupita ku watsopano.

Ambiri amaopa msewu, koma amagwera pa gawo loyamba, injini isanatenthe nkomwe. Mkulu wina amene anayendetsa thanki ya mafuta pa msewu wa Beira kwa zaka zambiri anagwera pamenepa ine ndikuona. Galimoto ankaidziwa kuposa womuyesayo, koma ankangoloza osalankhula. Kuno amafuna uloze, utchule dzina, unene chimene ukuyang'ana.

Mabuleki a mpweya mukaphonya, mwalephera pompo. Matayala mwatsekera, mpweya wadzaza, mwazimitsa injini, kiyi mwabwezera pa on, mabatani awiri aja, lachikasu ndi lofiira, mwakankhira mkati. Pondani buleki mugwire mphindi imodzi, mpweya usatsike kuposa 4 psi pa geji ya mpweya. Kenako pondani mobwerezabwereza mpaka nyale ndi belu zichenjeze, singano isanatsike pa 55, mabuku ena amati 60, tsatani la state yanu. Pitirizani mpaka mabatani aja atumphuke okha pakati pa 45 ndi 20. Nenani zonse mokweza. Yesererani m'bafa, m'khitchini, mpaka ana ayambe kukutsanzirani.

10. Khadi ikatuluka

Kampani idzakuikani ndi dalaivala wophunzitsa kwa masabata angapo, anthu awiri m'kachipinda kochepa kuposa khitchini ya kumudzi. Mudzaphunzira koloko: maola 11 oyendetsa mkati mwa maola 14, kenako 10 opuma, osapyola 70 pa masiku asanu ndi atatu. Ophunzitsa ena amakonda kuti wophunzira azingothamanga msewu wautali iwo ali mtulo, pofika pa dock, khomo lokwezera ndi kutsitsira katundu, n'kulanda chiwongolero kuti zichitike msanga. Muwapemphe mwaulemu kuti rivesi iliyonse ikhale yanu, olo itenge theka la ola.

Tsiku langa loyamba ndekha kunali ku nyumba yosungira katundu pafupi ndi Columbus. Dock 14, mathiraki mbali zonse, mpata wongokwana. Ndinatsika kukayang'ana kumbuyo kasanu ndi kawiri. Wina analiza hutala, wina anatsitsa windo n'kunena mawu amene sindingalembe pano. Kachisanu ndi chitatu ngolo inagunda mphira wa dock pang'onopang'ono, nyale inasintha kukhala yofiira, a forklift anayamba kutsitsa. Ndinakhala m'thirakimo miyendo ikunjenjemera, ndinatsegula kontena ya nsima ndi usipa imene mayi a kunyumba anandilongedzera, ndinadya yozizira yomweyo.